Bedi Lojambulira

Kachete anagona pabedi koyamba atatsala pang'ono kumaliza sukulu. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, chifukwa mphunzitsi akamufunsa funso, ngakhale loti yankho akulidziwa, iye ankangoyang'ana desiki mpaka funsolo litatopa n'kupita kwa wina.

Bedilo linachokera ku bungwe lothandiza mabanja osauka, lomwe ofesi yake inali kuseri kwa malo omwetsera mafuta galimoto. Linali lachitsulo, lapenti yobiriwira, ndipo likalandira munthu linkalira kwiii, ngati nalonso likuthokoza.

Loweruka lina m'mawa, Kachete ali chigonere ndi buku, anamva mawu pabalaza. Anali Anti a ku bungwe, mayi amene chitupa cha kuntchito sichinkachoka m'khosi mwawo ngakhale pamaliro.

"Musadandaule mayi, tikungolibwereka. Madzulo libwera."

"Kubwereka bedi?" anafunsa amayi ake a Kachete.

"Eya. Abwenzi athu akunja aja amatipatsa ndalama akufuna zithunzi. Tinawalonjeza kuti msewu wonse uno ulandira mabedi. Ndiye iwo thandizo anadula chaka chili pakati, koma zithunzi sanadule. Akapanda kuona bedi m'nyumba iliyonse, ofesi titseka. Ndi chakudya cha ana chija chithera pomwepo."

"Nanga mabedi enawo ali kuti?"

"Mabedi enawo ndi lomweli, mayi."

Kubwereka kwa bungwe Kachete ankakudziwa. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo analandira makina osokera, a bungwe n'kudzawabwereka kuti akajambule, ndipo mpaka pano makinawo ali mu ofesi, pamwamba pake atakhazikapo maluwa apulasitiki.

M'chipinda munalowa amuna awiri. Wina anali dalaivala wa bungwe, amene galimoto yake inagulitsidwa koma iye anatsala. Winayo anali mlonda wa pa ofesi, wamfupi, wajekete lalikulu.

"Tadzukani, asisi," anatero dalaivala.

Kachete anafuna kunena kuti ayi. Mawuwo anakwera mpaka pakhosi, n'kubwerera. Ndiye anangovindikira nkhope ndi buku. Sikunali kulimba mtima. Kungoti atamuuza kachiwiri, kudzuka anthu onsewo akumuyang'ana kunakhala kochititsa manyazi kuposa kugona.

"Kodi akudwala?" anafunsa mlonda.

"Ayi, ndi mmene alili," anayankha amayi ake. "Iwe, tadzuka, usandichititse manyazi."

Koma ananena mofewa. Sanali mawu amene ankamudzutsira kuti apite kusukulu, aja omveka mpaka kwa aneba. Kachete anamva kusiyanako, ndipo anagwira chitsulo cha kumutu ndi manja onse.

Anti anayang'ana foni yawo, n'kuyang'ana pazenera. "Dzuwa likakwera zithunzi sizioneka bwino. Munyamulireni kumodzi. Akaona anthu mumsewu atsika yekha."

Bedi linatuluka mopendekeka, Kachete atakakamira ngati buluzi pakhoma. Atafika panja anafunda mpaka kumutu. Dziko lonse linasanduka mawu okhaokha ndi fungo la bulangete.

"Zaka zonsezi ndikuyendetsa galimoto," anatero dalaivala, "lero galimotoyo ndine."

"Inu bola muli kumiyendo, achimwene. Mwanayu kulemera konse kuli kumutu kuno."

"Ndi sukulu imeneyo. Inu simungaidziwe."

Ana anayamba kulondola. Mayi wina anafunsa ngati akupita naye kuchipatala. Pa shopu yometera wina anazimitsa nyimbo, poganiza kuti mwadutsa zovuta. Kachete anamva zonsezo ndipo analakalaka zikanakhala zoona.

Nyumba yoyamba inali ya bambo wosoka nsapato. Anti anatsegula chikwama chodzaza nsalu zoyala, kuti bedi lizisintha nkhope nyumba ndi nyumba. Anasankha yamaluwa, n'kumuphimba nayo Kachete yense.

"Khalani m'mphepetemu bambo. Mwetulirani. Osati kwambiri, angaganize kuti mavuto anatha."

"Chotukumukachi n'chiyani?"

"Mapilo."

"Mapilo anu akupumatu."

"Yang'anani kuno, bambo."

Atajambula, bamboyo anadina matiresi ndi chala, monga amachitira poyesa chikopa. "Ndiye langa ndi limeneli?"

"Lanu likubwera," anatero Anti, akupinda kale nsalu.

Zinayenda choncho nyumba ndi nyumba. Kwina bedi linavala nsalu yamizeremizere, kwina yofiira. Kwina linakana kulowa pakhomo, ndiye anangolijambula pakhonde, Anti n'kunena kuti akalemba zoti banjali limakonda mphepo. Kachete anakhala mapilo, kenako zovala zochapa. Panyumba ina anakhala agogo akupumula.

Dzuwa litapendeka anafika panyumba yomaliza, ndipo mawu amene anawalandira anamuumitsa Kachete thupi lonse. Anali Wailesi, mtsikana wa m'kalasi mwake, amene nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, pofika masana ngakhale ophika kusukulu amakhala ataimva.

"Anti, mwabwera nalo? Lowetsani, malo tasesa kale. Mkekawo tapinda kale, watha ntchito."

"Tingojambula kaye, mwanangu."

"Kujambula kokha? Nanga uyu ndani?"

Nsalu inatukuka. Kachete anaona nkhope ya Wailesi pafupi, ndipo kumbuyo kwake chipinda chimodzi, mkeka wopinda pakona, ndi kamzere koyera pansi pomwe anasesa kuti bedi likhalepo.

"Kachete? Ndiwe?"

Kachete anangophethira.

"Basi zakhala bwino," anatero Anti, akukodola Wailesi. "Gona pambali pa mnzakoyo, iye timuphimba. Uoneke ngati wangodzuka kumene."

Wailesi anavula masilipasi n'kukwera. Bedi linalira. Anagona chagada, natambasula miyendo, n'kuyang'ana kudenga. Kachete anadikira kuti ayambe kumuseka. Koma Wailesi anali chete, chinthu chimene aphunzitsi onse anachilephera.

"Ndiye zimakhala chonchi," ananong'ona patapita kanthawi. "Msana sukumva pansi."

Foni inajambula. Anti anapuma mpweya wautali, n'kutembenukira kwa dalaivala, mawu atatsitsa.

"Atsitseni anawa, mulisiye ku ofesi. Mawa kuli msewu wina uja."

Kachete anamva. Zala zake zinafinya chitsulo mpaka kuwawa. Mawu, monga mwa nthawi zonse, sanabwere. Chimene anakwanitsa n'kugwira dzanja la Wailesi pansi pa nsalu.

Wailesi anamuyang'ana, kenako anadzutsa mutu.

"Anti, mwati ku ofesi?"

"Tsika iwe, si nkhani ya ana."

"Ife sititsika. Mukalipititsa ku ofesi, tikagona ku ofesi komweko, pafupi ndi makina osokera aja. Ndiponso ine ndimalankhulatu Anti, funsani aliyense. Abwenzi anuwo akadzabwera, ndidzawauza kuti bedi lawo layenda mumsewu muno kuposa ogulitsa masamba."

"Ukudziwa kuti ofesi ikatsekedwa, azing'ono ako asowa chakudya?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndamwetulira pachithunzipo. Mwajambula, ntchito yatha. Bwezani bedi la eni."

Anti anayang'ana pakhomo. Panali patadzaza mitu ya ana, ndi azimayi angapo omwe nawonso anali atauzidwa kuti lawo likubwera. Anti anatembenuza chitupa chawo kuti dzina liyang'ane pachifuwa.

"Ukuganiza kuti ndimasangalala nazo?" anatero motsitsa mawu. Anatseka chikwama cha nsalu. "Kalisiyeni kumene munalitenga. Mawa ndikajambulitsa langa."

"Mtsikana winayu atsike kaye," anatero mlonda.

"Ndikumuperekeza mnzanga," anayankha Wailesi, akudzikonza bwinobwino.

"Achimwene, ntchito ino ndinalowa ya ulonda."

"Nyamulani bambo. Mwaonjezeredwa udindo."

Bedi linatulukanso mumsewu, tsopano likuyenda pang'onopang'ono, amuna awiri akutukwanizana mwaulemu pansi pake. Wailesi ankabayibitsa anthu ngati mkwatibwi. Kachete anatulutsa maso okha kunja kwa bulangete, n'kuona mawaya amagetsi akudutsa pamwamba.

"Lolemba sindikanena kusukulu," anatero Wailesi. "Mwina ndikanena pang'ono. Koma iwe, ndizibwera kudzagona tsiku lina lina?"

Mawu a Kachete anakwera mpaka pakhosi, ndipo ulendo uno anadutsa, aang'ono kwambiri moti Wailesi anachita kusendeza khutu.

"Uzibwera. Koma kukhoma n'kwanga."