Manda Athu

Uthenga unabwera Lolemba m'mawa pa gulu la pafoni la kuntchito: Clement Namathanga ndiye wantchito wopambana chaka chino. Pansi pake anaika chithunzi cha dayiki ya ku Chilwa, khoma lalitali la dothi ndi miyala lotchinga madzi, limene iye analemba mapulani ake n'kuliyang'anira mpaka kutha. Anzake pa kampani ya mainjiniya ija ya ku Zomba anamuunjikira mayamiko, ena ochokera pansi pa mtima, ena a pakamwa chabe, monga zikhalira m'maofesi. Mphoto inali yoti akalandire Lachisanu, pamaso pa azungu amene anathandiza ntchitoyo.

Mkulu wa kampani, a Makisoni, anamuitana mu ofesi mwawo.

"Mawa upite ukajambule zithunzi zatsopano," anatero. "Ndipo ukawapeze agogo aja unawatchula mu lipoti, akaime pa dayikipo. Azungu amakonda zimenezo."

Dayikiyo inali kwawo kwenikweni kwa Clement, chakumwera kwa Kachulu, pamene mtsinje umathira m'nyanja. N'chifukwa chake anamupatsa ntchitoyo: mwana wa konko, odziwa anthu, odziwa chilankhulo. Pamene ankayeza malo, zaka zinayi zapitazo, nyanja inali itaphwa. Mabwato anali atagona pa matope ong'ambika, anthu akupita ku chilumba cha Chisi pa njinga. Tsono dayiki sumanga mwa maloto. Uyenera kudziwa pamene madzi aakulu kwambiri anafikapo, kuti khoma lako lipitirire pamenepo. Mabuku akale a kayezedwe ka madzi anali ndi zaka zambiri zosalembedwa, choncho Clement anapita kukafunsa Che Ayuba, msodzi wokalamba amene kale ankapalasa bwato limodzi ndi malemu bambo ake.

"Madzi aakulu aja anafika pa manda athu, mwanangu," anatero Che Ayuba tsiku limenelo. "Ananyambita mitumbira yoyamba n'kubwerera."

Clement ananyamula levulo yake, makina aja oyezera kukwera kwa malo, n'kulunjika kuseri kwa tchalitchi kumene kunagona bambo ake. Anayeza pa mtumbira woyamba, anawonjezapo theka la mita, basi kutalika kwa dayiki kwapezeka. Mu lipoti analemba ndime yokoma kwambiri yonena za nzeru za akuluakulu a m'deralo. Ndime imeneyo ndi imene azungu ankaikonda.

Inu, kafunso kamodzi kokha: manda ake ati? Koma munthu ukafika kwanu utavala chipewa choyera cha pulasitiki, anthu onse akukutcha a injiniya, kufunsa kawiri kumachititsa manyazi. Safunsa anadya phula.

Lachiwiri anafika kuja ndi a Jafeti, dalaivala wa kampani. Mvula inali itagwa mwezi wathunthu. Nyanja inali itabwerera yonse, yofiirira, itameza njedza, udzu wautali wa m'madzi uja, mpaka kunsonga, ndipo mtsinje unkasowa kothira. Madzi anali atakwera kale kupitirira pakati pa khoma. Clement sanade nkhawa. Ndiyo inali ntchito yake dayikiyo.

Che Ayuba anawapeza pakhonde akusoka mono. Anavomera kujambulidwa, anavala chisoti chawo choyera, nayenda pang'onopang'ono ndi ndodo mpaka pamwamba pa khoma. Ataima anayang'ana madzi nthawi yaitali.

"Ndakhala ndikufuna kukufunsani, a injiniya. Kodi miyala inakutherani?"

"Bwanji, Che Ayuba?"

"Khomali lafupika. Ndinati madzi anafika pa manda athu."

"Ee, ndipo ndinayeza pomwepo." Clement analoza kuseri kwa tchalitchi, kumene mitanda inkaoneka pakati pa udzu.

Mkuluyo anatembenuka thupi lonse, naloza ndi ndodo kumtunda, kupitirira mzikiti, kumene kunali mitengo ikuluikulu ya mkuyu.

"Athu ndi awo. Anuwo anamira onse chaka chimenecho, ngakhale mtanda umodzi sunkaoneka. Bambo ako akanakuuza."

Clement anayang'ana kumene ndodoyo inaloza. Manda a Asilamu ankawadziwa bwino lomwe, ali mwana ankawalambalala tsiku lililonse popita kusukulu. Koma Che Ayuba anali munthu wodya m'mbale imodzi ndi bambo ake, amene anamunyamulapo iye ali khanda. Munthu wotero akati athu, iwe umadziwerengera momwemo. Sanaganizeko n'komwe kuti mudzi umodzi, bwato limodzi, njala imodzi, koma pogona komaliza ali pawiri.

"Bwanji simunanene nthawi yomanga?"

"Ndinali ku Songani kwa mwana wanga, ndikudwala miyendo. Nditabwera ndinapeza latha. Ndinati kaya, mwina sukulu ili ndi njira zake."

Levulo inali m'galimoto. A Jafeti anagwira ndodo yoyezera, ndipo Clement anayeza kuchokera pamwamba pa dayiki mpaka pa mtumbira woyamba wa pansi pa mikuyu. Anayezanso pobwerera. Anayeza kachitatu. Manambala sanasinthe, sanamumvere chisoni. Dayiki inaperewera ndi mita yathunthu.

Anaima n'kuyang'ana kuseri kwa khoma. Kale kumeneko kunali dambo la mpunga, munthu sankagonako. Madzi ankabwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka, anthu akuwaona, n'kumasunthira kumtunda. Tsopano kunali nyumba zoposa makumi anayi, malata ali ngwee. Yachitatu kuchokera pa khoma inali ya mlongo wake Tamara ndi mwamuna wake Pitala. Anawauza ndi iye mwini: mangani kuno, madzi sadzafikanso.

Anapita kuseri kwa galimoto n'kuimbira a Makisoni. Anafotokoza zonse, mawu akuthamangitsana. A Makisoni anamvetsera mpaka kumapeto.

"Wauza ndani?"

"Palibe, bwana."

"Usauze munthu, ndipo usalembe kanthu. Madzi oterowo amabwera kamodzi pa zaka makumi asanu. Lachisanu lidutse kaye, Lolemba tikhale pansi tione chochita."

"Koma bwana, nyanja yadzaza. Anthu akugona kuseri kwa khomali."

"Clement, unasayina ndiwe, ndinasayina ndine. Ukayambitsa chipwirikiti lero, kampani yatha, ndipo iwe sudzagwiranso levulo m'dziko muno. Masiku asanu ndi limodzi okha. Dayiki yakhala zaka zitatu, ilephere sabata imodzi?"

Tisawanamizire a Makisoni kuti anamumanga pakamwa. Foni itaduka, pakamwa pa Clement panali pake, miyendo inali yake, ndipo mudzi wonse unali pomwepo. Chimene chinamugwira ndi mantha, ndi manyazi oti anthu amene anamuona akuyenda wopanda nsapato amve kuti injiniya wawo anasokoneza manda.

Anapita kwa Tamara. Anamupeza akutembenuza matemba pa thandala la m'khonde, poti dzuwa linali litasowa masiku ambiri. Pitala anatuluka m'nyumba akuseka, munthu wamkulu thupi, wa mawu okweza.

"Alamu! Tamva, tamva. Akuti mwawaposa onse ku Zombako. Ine ndimawauza anthu kuno kuti khoma ili ndi la alamu anga, gonani tulo."

Clement anaseka nawo, kuseka kopanda mano. Atamwa madzi anamukokera Tamara pambali.

"Chemwali, bwanji mupite kaye kwa amayi kumtunda, mpaka mvula ithe?"

"Chifukwa?"

"Basi. Kuno kwanyowa, udzudzu wachuluka. Ana angadwale."

Tamara anamuyang'ana, kenako anaseka. "Achimwene, mwayamba liti kuopa udzudzu wa kwanu? Nanga nsombazi ndisiyire ndani? Kapena pali china?"

Apa ndi pamene panali pakhomo. Akanatha kumuuza zonse pomwepo. Anayang'ana Pitala akukonza njinga pabwalo, akuimba mluzu.

"Palibe china," anatero.

Mvula inayambanso Lachitatu masana ndipo sinakate. Wailesi inkanena za namondwe wochokera kunyanja yaikulu ya ku Mozambique. Lachinayi Clement analemba kalata yopita kwa akuluakulu a boma, anaiwerenga, anaisiya mu kompyuta osatumiza. Anadziuza kuti Lolemba si kutali.

Lachisanu anavala suti. Mu holo ya hotela munali mofunda, mvula ikumveka ngati ili dziko lina. Anaonetsa ntchito za kampani imodziimodzi: mijigo ya kumapiri, mlatho wa ku Songani, zimbudzi za pa sukulu. Anayamika mtsikana wina amene anapambana mayeso a ukadaulo, ndi wina amene anakwanitsa zaka khumi pa ntchito. Kenako pakhoma panaoneka Che Ayuba ndi chisoti chawo, ataima pa dayiki, ndodo italoza kumtunda. Mzungu wina anati chithunzicho n'chokongola kwambiri. Anthu anaomba m'manja, Clement anaimirira, nalandira chikho chagalasi cholembedwa dzina lake. A Makisoni anamugwira dzanja mwamphamvu, osamuyang'ana m'maso.

Foni ya mayi ake a Clement inabwera Loweruka cha m'ma leveni m'mawa. Sanamve mawu ambiri, anangomva kulira ndi dzina la Pitala.

Minibasi ya ku Kachulu inathera panjira, pamene msewu unalowa m'madzi. Kuchokera apo anayenda wapansi, kenako pa bwato la munthu amene sanamuzindikire. Wopalasayo ndi amene anamufotokozera. Madzi anafika pamlomo pa khoma dzuwa litatuluka kale. Ena anayamba kutola katundu, koma Pitala anawaletsa, akuti khoma ili anayeza ndi alamu anga, silingagonje, tingothira matumba a mchenga pamene pakudonthapo. Amuna asanu ndi mmodzi anamutsatira. Ali pamwamba pomwepo madzi anadumpha, dothi linasungunuka pansi pa mapazi awo, ndipo nyanja imene kale inkabwera mokwawa inalowa yonse nthawi imodzi. Anayi anagwira mitengo. Pitala ndi anzake awiri anawapeza masana, atakodwa mu njedza.

"Nanga titani," anatero wopalasa uja. "Madzi a chaka chino ndi a Mulungu. Ngakhale khoma la mainjiniya lalephera."

Anthu onse anali kumtunda, pa sukulu ndi pa mzikiti. Palibe anamuloza chala Clement. Amayi ankamugwira manja n'kumupepesa, ena mpaka kumutonthoza kuti asadandaule, ntchito yake anaigwira, mvula ndi imene inanyanya. Kupepesa kumeneko kunkamupweteka kuposa mwala. Akanakonda wina amutukwane.

Tchalitchi inali m'madzi mpaka m'mawindo, ndipo kuseri kwake kunalibe mtanda wooneka. Atatu onse omwalirawo anali Akhristu, ndipo kunalibe kowaika. Akuluakulu a mzikiti anakambirana pang'ono, kenako anapereka malo m'mphepete mwa manda awo, kunja kwa mikuyu. Lamulungu adzukulu anakumba maenje atatu m'dothi lonyowa. Madzi anali ataima mapazi ochepa kuchokera pa mitumbira yoyamba. Che Ayuba anali pomwepo, atatsamira ndodo. Anamuyang'ana Clement kamodzi, n'kuyang'ananso kumadzi.

Atabwerako kumanda, Tamara anakhala pa mkeka m'kalasi ina ya pa sukulu, ana ake awiri atagona pamiyendo pake. Mawu anali atamuthera ndi kulira. Anthu atachepa anamukodola Clement kuti asendere. Iye anagwada pafupi.

"Achimwene, usiku wonse ndakhala ndikuganiza," anatero motsitsa. "Lachiwiri lija munati ndipite kwa amayi."

Clement anayang'ana pansi.

"Inu simunayambe mwandiuzapo za udzudzu chibadwire. Ndinakufunsani ngati pali china."

"Munandifunsa."

"Munkadziwa?"

Kunja amayi a mpingo anali atayamba nyimbo ina. Akanatha kunena kuti ankangokayikira. Akanatha kutchula a Makisoni, kapena Che Ayuba ndi mawu awo, kapena mabuku osalembedwa aja. Zonsezo zinali zoona, ndipo Tamara akanazikhulupirira, poti ankafunitsitsa kuzikhulupirira.

"Ee," anatero Clement. "Ndinkadziwa."

Tamara sanalire, sanakuwe. Anakoka chitenje n'kufunditsa ana ake bwinobwino, mpaka kumapazi. Kenako anatembenukira kukhoma.

"Mukawauze nokha amayi ake a Pitala," anatero. "Ali m'kalasi yachiwiriyo."