Kalasi ya Ogwedeza Mitu

Pa yunivesite ija sankalandira anthu wamba. Aliyense wolowa pachipata chake anali atakhalapo nambala wani kumene ankachokera, ndipo mukatsekera atambala mazana atatu m'khola limodzi musayembekezere kuti wina avomera kuti sadziwa kulira.

Mmodzi mwa iwo anali mtsikana amene bambo ake, atelala, anayamba kumutchula kuti Injiniya tsiku lomwe kalata yomuitana inafika. Dzinalo linamukakamira mpaka kusukulu komweko. Kalatayo bambowo anaipachika pamwamba pa makina osokera, ndipo wobwera kudzapinditsa buluku ankayenera kuiwerenga kaye asanayezedwe m'chiuno.

Tsopano Injiniya anali ndi kalata ina, yachikasu, yomwe sanauze munthu. Inanena mwaulemu kuti walephera mayeso a masamu kawiri, ndipo akalepheranso a Lachisanu likudzali, alongedze katundu wake azipita kwawo. Anaipinda kanayi n'kuibisa m'nsapato pansi pa bedi. Chakudya chinasiya kulowa. Ankatsegula buku, n'kuona zizindikiro zomwe anazikopera ndi dzanja lake lomwe zikumuyang'ana ngati alendo.

Anzake m'kalasi anali amitundumitundu. Panali okhala kutsogolo, ofunsa mafunso amene mayankho ake akuwadziwa kale. Panali a misonkhano, apampando a mabungwe asanu, oti ukawapatsa moni ankayamba ayang'ana wotchi. Panalinso akadziwotche a mulaibulale, amene ankatenga buku labwino la masamu n'kukalibisa pa shelefu ya mabuku a ziweto kuti anzawo asalipeze. Koma amene ankamupweteka mtima Injiniya anali mnzake wogona naye chipinda chimodzi, yemwe onse ankamutchula kuti Sindinawerenge. Mtsikanayu m'mawa wa mayeso ankapenta zikhadabo uku akuyasamula.

"Ine sindinawerenge olo tsamba limodzi," ankatero. "Zinthu zake n'zophweka, amwali. Ukuvutikiranji?"

Onsewa ankagwirizana pa chinthu chimodzi. Apulofesa a masamu, bambo wofatsa wa choko m'tsitsi, ankadzaza bolodi kuchokera uku mpaka uko, kenako n'kutembenuka.

"Tamvana?"

Mitu mazana atatu inkagwedera pamodzi ngati agulo padzuwa. Injiniya nayenso ankagwedeza wake. Poyamba ankachita dala, kuti asaoneke mbuzi pakati pa anzake. Pofika mwezi wachitatu khosi linali litazolowera, linkachita lokha.

Sikuti thandizo panalibe. Lachinayi lililonse masana Apulofesa ankatsegula ofesi yawo kuti amene sanamve abwere adzafunse. Vuto linali lakuti ofesiyo inali kumapeto kwa khonde loyang'anizana ndi holo yodyera, yomwe khoma lake linali galasi lokhalokha. Benchi ya pakhomopo ophunzira ankaitcha chipatala. Wokhala pamenepo ndiye kuti wavomera kuti mutu ukudwala, ndipo mbiri yake inkafika kumahositelo iye asanagogode n'komwe. Masabata khumi anatha benchiyo ikungosonkhanitsa fumbi.

Lachitatu bambo ake anaimba foni.

"A Injiniya, ndapeza nsalu ya suti yanga yovala tsiku lomwe mudzalandire digiri. Yabuluu wakuda."

"Bambo, zakatu zikadalipo zitatu."

"Nsalu siwola, mwanangu. Masamu akuyenda?"

"Akuyenda."

Atadula foni analira, nkhope atakwirira m'pilo kuti asamveke. Ankaopa kubwerera ndi sutikesi m'shopu muja, kukaima pansi pa kalata yopachikidwa ija makasitomala akuyang'ana. Madzi anali atafika m'khosi. Anadzikumbutsa kuti safunsa anadya phula, ndipo anatsimikiza zopita kuchipatala. M'bafa anayeserera mawu ake kangapo, motsitsa: "Ayi, sindinamve. Bwerezani chonde."

Lachinayi anadutsa pakhonde paja nthawi yomwe holo inali yodzaza. Anamva masipuni akusiya kulira m'mbale. Wina anagogoda galasi, ena anaseka. Koma iye anafika pachitseko, n'kugogoda.

Apulofesa anakondwa ngati alandira m'bale.

"Mlendo woyamba chaka chino. Ndimayesa chitseko changa chamera minga. Khalani, khalani. Chavuta n'chiyani?"

Injiniya anatsegula kope n'kuloza mutu umene unamugwetsa kawiri konse. Apulofesa anatenga pepala, nayamba kulemba uku akufotokoza mokoma mtima. Mzere woyamba anaumva. Wachiwiri anaugwira kumchira. Pa wachitatu Apulofesa anati, "Apa n'zodziwikiratu," n'kulumpha masitepe amene kwa iwo anali ngati kupuma, ndipo Injiniya anatsala pomwepo. Cholembera chinapitirira kutsika ndi pepala, iye akungoona inki.

"Inu ndikukudziwani," anatero Apulofesa akulembabe. "Munachokera kusukulu yaing'ono koma munaposa onse m'chigawo chanu. Mitu ngati yanuyi sivuta, imangofuna kukankhidwa pang'ono." Anajambula mizere iwiri pansi pa yankho, navula magalasi, n'kumuyang'ana ndi nkhope yachikhulupiriro. "Tamvana, mwanangu?"

Mawu aja anali okonzeka pa lilime. Anali atawayeserera, anali atalipira kale manyazi onse a pakhonde paja. Koma nkhope ya bamboyo inafanana ndi ya atelala akamaonetsa anthu kalata, ndipo Injiniya asanatsegule pakamwa anamva khosi lake likuchita zomwe linazolowera.

"Zamveka," anatero.

"Ndinadziwa." Apulofesa anamupatsa pepalalo, natenga chikwama ndi makiyi. "Mwandipeza mwamwayi, galimoto ikundidikira. Ndikupita kumsonkhano, ndibwera Lolemba. Mawa mukalembe bwino."

Anatuluka limodzi. Apulofesa anakhoma chitseko, nayenda mofulumira kutsika khonde. Injiniya anaima ndi pepala m'manja, akudzida kuposa mmene anadera munthu aliyense. Akanatha kuthamanga, akanatha kukuwa, koma holo yonse inali ikuyang'ana, choncho anangoona msana wawo ukukhota pakona.

Pothawa maso a anthu anatsikira masitepe akumbuyo, kumene oyeretsa ankasunga zidebe ndi matsache. Pa sitepe yapakati panakhala munthu atakumbatira mawondo. Anali Sindinawerenge. Maso anali otupa, utoto wa zikhadabo atauluma mpaka kusupuka, ndipo pamiyendo pake panali kalata yachikasu.

"Iwenso?" anafunsa Injiniya.

"Lachinayi lililonse ndimafika pompano," anatero mnzakeyo osadzutsa mutu. "Ndimakhala mpaka ndimve akukhoma, basi n'kubwerera. Ndimawerenga, amwali. Ukapita kulaibulale ine ndimawerenga mpaka mutu kuwawa, koma palibe chikulowa. Mayi anga anauza mpingo wonse kuti ndili ku yunivesite." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Ndinakuona ukulowa. Iwe ndiwe wolimba mtima. Akufotokozera?"

"Andifotokozera."

"Ndiphunzitseko, chonde. Ndilibenso kwina kopita."

Injiniya anafuna kunena zoona. Koma aka kanali koyamba chifikireni pasukulupo kuti munthu amuyang'ane ngati wodziwa kanthu, komanso mnzakeyo anali atagwira kale ngodya ya pepalalo ngati chogwirira m'basi. Anakhala pansi pambali pa chidebe, nayala pepala pa bondo.

Anafotokoza mzere woyamba. Wachiwiri anaudutsa mopunthwa. Kenako anafika pa wachitatu.

"Apa n'zodziwikiratu," anatero, ndipo otsalawo anangowawerenga mokweza monga analembedwera, chala chikutsika mpaka pa mizere iwiri ija. Kunja kunamveka galimoto ikulira, kenako chipata chikutsekedwa.

"Wamva?" anafunsa Injiniya. Mumtima ankapempha kuti mnzakeyo akane, kuti mmodzi mwa awiriwo ayambe, winayo atsatire.

Sindinawerenge anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anadzutsa nkhope, namwetulira pang'ono, n'kugwedeza mutu.