Tsiku la a Haralambos Awiri

Pa 10 Febuluwale, tsiku la Haralambos Woyera, munthu wa dzina limeneli satseka chitseko. Saitana munthu, sabwezanso munthu. Ngakhale amene munakanganirana naye malire a munda wa maolivi amalowa, mumampatsa mpando, mumampatsa chotsekemera, kutukwanako mumakatukwanira kukhitchini. Mayi Evanthia ankadziwa zimenezi ngati wina aliyense m'tauni mwathu, ndipo n'chifukwa chake anasankha tsiku limeneli. Ankafuna kugwira mdzukulu wawo ndi manja awo, kumumva akuti agogo, koma iwo osatchula dzina lake.

Nkhaniyi inayambira m'tchalitchi zaka zinayi zapitazo. Amuna awo, malemu Prokopis, anali atangotha chaka m'manda pamene mwana wawo mmodzi yekhayo, Stamatis, anabereka mwana wamwamuna. Mwana woyamba wamwamuna amatenga dzina la agogo ake a kuchimuna. Ngakhale mbuzi za m'phiri zimadziwa zimenezi. Mayi Evanthia anali atalengeza kale kwa oyandikana nawo onse kuti Prokopis akubwerera. Koma wansembe atafunsa dzina, bambo a ubatizo anatsegula pakamwa n'kunena kuti Haralambos, dzina la bambo ake a Garifalia, mkazi wa Stamatis. Akuti pobereka zinthu zinavuta, Garifalia n'kulonjeza kwa woyerayo kuti akapulumuka, mwana adzakhala wake. Mayi Evanthia sanazimve. Oyera adzaza kumwambaku, iwo ankatero, ndiye munthu ali pa ululu angakumbukire yekhayo wa dzina la bambo ake? Anatuluka m'tchalitchi mwana asanamupukute n'komwe.

Kuyambira pamenepo ankangomutchula kuti khanda, mmene timatchulira mwana wosabatizidwa. Khanda lija akuti layamba kuyenda, khanda lija akuti linadwala chikuku. Stamatis anapirira chaka chathunthu, kenako tsiku lina anaima pakhomo pa mayi ake osavula chipewa, n'kuwauza kuti tsiku limene adzatchule dzina la mwanayo ndi limene mayiwo adzaponde kunyumba kwake. Kwawoko kunalinso kwa eni ake, zipinda zimene a Haralambos anamangira mwana wawo wamkazi pamwamba pa nyumba yawo. Mayi ndi mwana anatengerana kuuma mutu, moti zaka zitatu zinadutsa popanda wogonja.

Chimene chinawagwetsa ndi msika wa Lachitatu. Anaona kamnyamata kakuyenda pambali pa Garifalia, phewa lakumanzere lili lotsika, makutu otambalala ngati zogwirira mphika. Anali Prokopis yense, akupita kukaona nsomba. Mayi Evanthia anaiwala kabichi wawo pa benchi la wogulitsa. Anafika kunyumba mtima ukuwawa, ndipo chinawapsetsa mtima kwambiri n'choti makutu a mwamuna wawo ankayankha dzina la munthu wogulitsa matayala.

Tsikulo litakwana, anthu atadzuka ku tulo ta masana, anavala diresi lawo lakuda labwino lija n'kudutsa ku shopu ya makeke. Anasankha bokosi losakula kwambiri, kuti anthu asati akupepesa, losachepanso kwambiri, kuti asati ndi oumira. Kunja kunali kamvula kowaza.

Chitseko chinali chotsegula. Anthu anali m'chipinda cha alendo, chija chimatsegulidwa kawiri pachaka, mipando itandandalikidwa m'mbali mwa khoma, fungo la mankhwala a njenjete likulimbana ndi utsi wa fodya. A Haralambos, atameta bwino ndevu, anakhala kumutu pambali pa wansembe. Mayi Evanthia atalowa, nkhani ya matalala amene anagwetsa malalanje inadukira pakati.

Amene anawalandira ndi mayi Zinovia, akazi a a Haralambos, munthu wodziwa kukubaya uku akumwetulira. Anawapsompsona masaya onse awiri popanda kuwakhudza. Analandira bokosi, analiyesa kulemera ndi dzanja, n'kuliika losatsegula pa mulu wa mabokosi ena, poti mphatso sitsegulidwa mwini wake akuona.

"Asewere, mwatikumbuka. Ife timati mwina msewu wathu unasamuka."

"Msewu uli pomwepo, asewere. Ndimangodikira kuti aukonze, ngwamaenje."

Wachibale akafika pa tsiku lotere amavula jasi n'kulowera kukhitchini kukathandiza kutsuka matambula, ndipo madzulo amatsalira pa chakudya. Wakunja amakhala pa mpando, amalandira chake, theka la ola likakwana amanyamuka. Kuchokera kukhitchiniko kunkamveka fungo la nyama ya nkhosa ndi mbatatesi mu uvuni. Mayi Zinovia sanawalandire jasi. Anawalozera mpando wa pafupi ndi chitseko, pakati pa mkazi wa wapositi ndi bambo wina wogulitsa feteleza amene ankabwera chaka chilichonse chifukwa cha burande. Mayi Evanthia anakhala, chikwama pamiyendo, msana atauwongola. Stamatis anasuzumira pa khomo la khitchini, anawaona, n'kubwerera ngati wasuzumira m'nyumba ya weni.

Thireyi inkayenera kunyamulidwa ndi Garifalia, koma mayi ake anamulanda. Panali timbale ta makoko a malalanje owawa ophikidwa mu shuga, timasupuni tasiliva ndi matambula a madzi ozizira. Anayambira kwa wansembe, ndipo pamenepo panalibe cholakwa. Kenako ankayenera kutsata zaka. Mayi Evanthia, ndi zaka zawo 68, anali aakulu kuposa akazi onse m'chipindamo, koma thireyi inawadutsa kawiri, mpaka kukafika kwa kamtsikana ka ku shopu ya mankhwala kamene iwo anakaona kali kumsana. Aliyense anaona, ndipo aliyense anayamba kuyang'ana nsapato zake. Thireyi inafika kwa iwo patatsala kambale kamodzi.

Munthu sadya asanafunire mwini tsiku zabwino. Mayi Evanthia ananyamula supuni n'kutembenukira kumutu kuja.

"Zaka zambiri, asewere Haralambos. Inunso, asewere Zinovia, muwadyerere amuna anuwa."

Pa nkhalambayo dzina linatuluka bwinobwino. Linali lawo, analiyendera zaka 70, panalibe chowalanda. A Haralambos anagwira pamtima n'kuthokoza. Koma thireyi sinasunthe.

"M'nyumba muno okondwerera ndi awiri, asewere," anatero mayi Zinovia, mawu ali ofewa.

"Khandalo nalonso likule."

"Khanda liti? Kuno kulibe khanda. Kuli mnyamata wobatizidwa, munadzionera nokha. Aa, pepani, ndaiwala. Paja munatuluka msanga."

Wogulitsa feteleza anatsamwa ndi burande. Mayi Evanthia anaika supuni m'kamwa mosafulumira. Chinthucho chinali chokoma, ndipo zimenezi zinawanyansa. Anamwa madzi, anaika supuni m'tambula, n'kuuza mkazi wa wapositi, mokweza ndithu, kuti makoko a malalanje amafunika kuwaviika masiku ambiri, apo ayi kuwawa sikuchoka, koma poti munthu ali ndi alendo ambiri chonchi, n'zomveka. Mayi Zinovia anayankha kuti pali anthu ena m'kamwa mwawo mumawawa kale, ngakhale uwamwetse uchi. Wansembe anafunsa a Haralambos za denga la tchalitchi, mofulumira kwambiri.

Apa m'pamene mwana anatulukira kuchokera kukhitchini. Anamuveka kabudula wabuluu ndi malaya oyera, tsitsi atalinyowetsa n'kulipesera kumbali. Poti tsikulo linali lakenso, anamupatsa mbale ya machokoleti okutidwa m'mapepala onyezimira kuti azungulire nayo alendo. Anamuphunzitsa bwino, mpaka kupyola muyeso. Ankaima pamaso pa munthu, mbale ataikumbatira pachifuwa, n'kumadikira. Munthuyo akati zaka zambiri Haralambos, n'kulavula katatu m'mwamba kuti diso loipa lisamugwire, m'pamene ankatambasula mbale n'kuti zikomo amalume, zikomo azakhali. Onse ankawadziwa, ndi a feteleza omwe.

Mayi Evanthia anayamba kuwerenga mipando. Inatsala isanu, kenako itatu. Phewa lija, makutu aja. Sabata yonse anali atakonza zochita: sadzatchula dzina lililonse, adzangotambasula manja, magazi adzachita okha zotsalazo. Stamatis ndi Garifalia anali ataima pa khomo la khitchini, ndipo m'chipindamo munalibenso wonamizira kumvera za denga.

Mwana anafika. Mayi Evanthia anaika chikwama pansi.

"Bwera kuno, mtima wanga. Bwera kwa agogo ako."

Mwana anawayang'ana, kenako anatembenuka n'kuloza mayi Zinovia ndi chibwano.

"Agogo ndi awo."

Sananene mwachipongwe, ankangowongolera munthu wamkulu amene wasokoneza. Mayi Evanthia anayesa kumugwira dzanja, iye n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, mbale ataigwiritsa, poganiza kuti akufuna kumulanda machokoleti.

"Simunanene. Muyenera kunena kaye."

"Zaka zambiri, mwana wanga."

"Ndi dzina. Onse akunena ndi dzina."

Amene anamuphunzitsa zimenezo, mayi Evanthia sanafunike kufunsa. Mayi Zinovia anali ataima poteropo ndi thireyi yopanda kanthu, nkhope ili phee ngati chithunzi cha m'tchalitchi. Mwana anayamba kutopa, maso anali kale pa wogulitsa feteleza. Akangodutsa, ndiye kuti mpaka Febuluwale wa chaka chamawa. Kenako anakweza phewa lija, mmene Prokopis ankachitira basi ikachedwa.

Mayi Evanthia anapepesa amuna awo chamumtima. Zinawawawa ngati akuwaikanso m'manda, koma ulendo uno fosholo ili m'manja mwawo.

"Zaka zambiri, Haralambos."

"Zikomo, mayi," anatero mwana. Anawapatsa chokoleti chimodzi n'kusunthira kwa wogulitsa feteleza.

Basi, zinathera pomwepo. Zaka zinayi za kuuma khosi anazisinthanitsa ndi chokoleti chimodzi. Stamatis anabwera, maso ali ofiira, anagwada pambali pa mwana n'kumuuza kuti amenewa ndi amayi awo a ababa, nawonso ndi agogo ake. Mwana anaganizira pang'ono, anayankha kuti agogo ali nawo kale, n'kupitiriza ntchito yake. Wina anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa.

Stamatis anayang'ana mkazi wake, mkazi wake anayang'ana mayi ake. Dzina linali litatchulidwa, anthu khumi ndi anayi akumva. Apa pankangofunika kuti wina anene kuti vulani jasi, tsalani tidye. Koma khitchini inali ya mayi Zinovia, nkhosa yawo, uvuni wawo. Mayi Zinovia anayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kunena kuti athokoza kwambiri kuti asewere awalemekeza, ndipo potsika asamale, masitepe a pakhonde akuterera ndi mvula.

Mayi Evanthia anatola chikwama n'kuimirira. Tsiku la dzina lawo ndi la 11 Sepitembala. Zaka zitatu zonsezi ankaphika mphesa mu shuga, kupukuta timasupuni, kutsegula chitseko kuyambira m'mawa, n'kumalandira oyandikana nawo khutu lili kumsewu. Pa tsiku la dzina munthu saitana. Amene amakuwerengera amabwera yekha, ndipo woitana ndiye kuti wavomera pamaso pa anthu kuti alibe womukumbukira. Iwo eniakewo anaseka kwa zaka zambiri mkazi wa dokotala wina wochokera ku mzinda wa Atene amene anatumizira anthu timakalata.

Atafika pa chitseko anatembenuka. Sanayang'ane Stamatis, anayang'ana makutu aja.

"Haralambos. Pa 11 Sepitembala ndi tsiku langa. Udzabwere ndi ababa ako ndi amayi ako. Ndi nyumba ya mawindo obiriwira, kuseri kwa sukulu."

Mayi Zinovia anaika thireyi pa tebulo mosamala.

"Kodi masiku ano tayamba kuitana, asewere?"

Chibadwire, pakamwa pa mayi Evanthia sipanasowepo yankho, ndipo mayankho atatu anali kale pa lilime, lina lokhudza matayala. Anawameza onse.

"Ee, asewere. Ndikuitana."

Anadikira. Stamatis anali kuyang'ana pansi. Garifalia anayang'ana mayi ake. Mwana anali atayambiranso kwa wansembe. Mayi Evanthia anatsika masitepe atagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, linalo litafumbata chokoleti chimene chinali chitayamba kusungunuka. Kumbuyo kwawo chitseko chinakhalabe chotsegula, poti tsikulo sichitsekedwa, ndipo mpaka pa geti ankamvabe mayi Zinovia akufunsa alendo kuti ndani akufuna khofi.