Lamba wa m'chiuno

Chiwagwireni sitiroko amuna anga, mawu onse anathawa, kunangotsala kutukwana. Munthu amene ankayambitsa nyimbo kutchalitchi, lero ukawapatsa madzi akutukwana, ukawasintha malaya akutukwana. Poyamba ndinkalira. Pano ndimangomva ngati wailesi ya aneba.

Achemwali awo ndiye sanazolowere. Anabwera masana ena ndikuyanika zofunda. Atangoyamba pemphero, m'bale wawo anawaponyera mawu oti sindingawabwereze. Alamu anatseka Baibulo n'kundikokera pakhonde. Ati mwana wa Mulungu satukwana chotere, ndiye kuti Yesu anamutaya kalekale ife osadziwa, ndipo akamwalira ali chonchi ndisadzinamize za kumene akupita.

Komatu funso limeneli ndinali nalo kale, ndinkatsuka nalo mbale, ndinkasita nalo zovala, osauza munthu.

Itakwana nthawi yowachotsa pabedi kuti akhale pampando, alamu anati andithandize. Anawerama n'kuuza m'bale wawo kuti awagwire m'khosi zolimba. Dzanja la amuna anga linakwera pang'ono, kenako linagwa ngati chiguduli chonyowa. Alamu anayesanso, uku akudandaula kuti munthu azidzithandizako.

Inenso ndinkatero, mpaka tsiku lomwe tinagwera limodzi pasimenti. Anamwino ndi amene anandiphunzitsa kuwamanga lamba wansalu m'chiuno, kulowetsa zala zanga kunsi kwa lambayo, mawondo anga n'kutchinga awo. Ndinachita zomwezo, ndinanyamula. Anatukwana kuchokera pabedi mpaka pampando.

"Nanga akakutayani?" anafunsa alamu.

"Anditaya bwanji asanandigwire? Chidwalireni dzanja ili silinagwirepo ngakhale supuni. Ndimawagwira ndine."

Ndinadzimva ndekha zomwe ndanena. Ndinaima pomwepo, zala zikadali mulamba, msana ukuwawa monga mwa masiku onse. Chimwemwe sichinabwere ayi, ndisaname. Kungoti mantha aja ndinawafunafuna osawapeza.

"Ine wotopa kaleyu sindinawagwetsenso, alamu. Ndiye mukuti Yesu ndi wofooka kuposa ine?"

Alamu anayamba kufunafuna nsapato zawo. Ndinatenga kansalu n'kupukuta malovu pachibwano cha amuna anga. Anandiyang'ana ndi diso lawo labwinolo, n'kunditukwana pang'onopang'ono, motsitsa, momwe ankandiitanira kale.

"Ndamva, bambo," ndinatero. Lamba uja sindinamumasule.