Galimoto Yofiira ya Kam Seng

Uthenga wa maliro unamupeza Razlan akudyetsa nsomba padziwe la kuseri kwa nyumba yake ku Taiping. Woimba foniyo anali Pui Yee, mwana wamkazi wa mnzake Kam Seng.

"Ankolo, adadi atisiya m'mawa uno."

Razlan anakhala pa chidebe chimene chinali pafupi.

"Pali chinanso," anapitiriza Pui Yee. "Ananena kuti galimoto yawo yofiira ija idzawaperekeze. Ndayesa kuiliza koma yangoti zii. Amayi akuti ndikuuzeni inuyo."

Masana omwewo Razlan anauyamba wa ku Ipoh, kumene kunali malirowo, ndipo njira yonse ankangoganiza za mnzakeyo.

Awiriwa anadziwana kudzera pa mkangano. Kalelo Razlan anali mnyamata wamagazi otentha, wothamangitsa galimoto m'mipikisano ya m'minda ya kanjedza. Tsiku lina anaphonya kona n'kugwera m'ngalande, matayala m'mwamba. M'mawa mwake chithunzi chake chinatuluka pa tsamba la masewera la nyuzipepala ina: iye akukwawa potulukira pawindo, matope mpaka m'makutu, ng'ombe ili poteropo ikumuyang'ana. Razlan anapita ku ofesi ya nyuzipepalayo ndi cholinga chokaswa munthu mphuno. Anakapeza kamunthu kowonda, ka magalasi ochindikala, kakudya mpunga wokulunga m'tsamba la nthochi.

"Ndiwe wajambula zimene zija?"

"Ndine," anayankha Kam Seng osasiya kutafuna. "Ukanachepetsa giya usanafike pamlatho paja, bwenzi nditajambula wina. Khala pansi aise, tiyi ndikugulira."

Za giyazo zinali zoona, ndipo Razlan anamwa tiyiyo.

Kam Seng anakulira m'sitolo ya njinga ya bambo ake, koma mtima wake unali pa galimoto. Anayeserapo kamodzi kulowa mpikisano, anamaliza wotsiriza, n'kusanza m'chisoti. Kuchokera pamenepo anagwira kamera. Mpikisano ukayandikira ankayenda wapansi njira yonse kufunafuna kona yabwino, ndipo pa tsikulo ankaima m'matope, misundu ikumuyamwa m'miyendo, kudikira galimoto imene idzadutse ngati mphezi. Isanatulukire n'komwe, ankadziwa ndi kulira kwa injini kuti akubwerayo ndi ndani. Anzake ankathamangira kujambula opambana. Iye ankatsalira mpaka womaliza adutse, chifukwa ankati nayenso ali ndi amayi ake ofuna chithunzi choika pakhoma. Atakalamba, matenda a shuga anamudya maso pang'onopang'ono, kamera n'kuipachika, galimoto yake yofiira n'kuitsekera m'galaja.

Razlan anapeza tenti itakhomedwa kale pamsewu, anthu atakhala m'mipando akuswa mtedza. Pafupi ndi bokosi panali galimoto yaikulu ya mapepala, yoti akaiwotche kuti womwalirayo akaipeze kumene wapita. Razlan anasuzumira m'kati mwake n'kupukusa mutu.

"Yosintha yokha magiya. Akakutukwanani kumeneko."

Siew Lan, mkazi wa malemuyo, anaseka uku akupukuta misozi.

"Alamu, mwafika. Mkazi mnzanga wofiira uja ali m'galajamo, wakana kudzuka. Kapena nayenso akulira mwamuna wake."

M'galajamo munali kale Kumaresan, makaniko amene ankakonza galimoto za Razlan masiku a mipikisano. Anali atatsegula boneti, ataima manja m'chiuno.

"Makoswe amangamo mudzi muno, bwana. Petulo wasanduka phala. Ndiye iwe mawondo ako akutha, ine manja akunjenjemera. Kaya."

"Pakamwa pokha ndiye sipanakalambe. Ndipatse sipanala."

Anagwira ntchitoyo masiku onse a maliro. Ansembe akayamba mapemphero awo kutentiko, Razlan ankapita kukaima chapatali mwaulemu, kenaka n'kubwerera pansi pa galimoto. Anatsuka thanki, anasintha mapaipi ndi mapulagi, batire anabwereka kwa mnansi.

Tsiku lachiwiri Pui Yee anawabweretsera khofi. Sanabwerere msanga. Anaima pakhomo akuyang'ana galimotoyo ngati munthu amene anayambana naye kalekale.

"Tsiku limene ndinkalandira satifiketi kusukulu sanabwere," anatero. "Anali ku Johor, kujambula fumbi. Loweruka lililonse kunalibe bambo pakhomo pano. Mpaka manja awo anapsa chifukwa cha galimoto yomweyi."

Kumaresan anayang'ana Razlan. Razlan anatuluka pansi paja n'kukhala tsonga.

"Anakuuza choncho?"

"Anati anatsegula rediyeta ili yotentha."

"Ayi mwanawe. Unali wakhanda nthawi imeneyo. Ndinawomba mtengo wa kanjedza pakona pamene iye anaima, galimoto n'kuyaka. Mnzanga wowerenga njira anatuluka, ine lamba anakana kumasuka. Ojambula ena ankajambula, ndiyo inali ntchito yawo. Bambo ako anaponya kamera pansi, anagwira chitseko chamoto ndi manja ali chomwechi, n'kundikoka. Nyuzipepala zina zonse zinatuluka ndi chithunzi cha motowo, yake yokha ayi. Mkonzi anamukalipira ali chigonere m'chipatala."



"Ndiye kuti kwa inu analipo," anatero Pui Yee motsitsa mawu.

"Analipo. Kwa iwe anaperewera, ndipo ankadziwa. Sindikumuikira kumbuyo."

Mtsikanayo anatola makapu n'kutuluka. Madzulo ake anabweranso n'kuyamba kupukuta magalasi a galimotoyo ndi nsanza.

M'mawa wa tsiku loperekeza, injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenaka inalira. Utsi wakuda unadzaza tenti yonse. Madalaivala akale amene anabwera kuchokera ku Penang ndi ku Kuala Lumpur, ena a ndodo, ena a mimba zotsogola, anaimirira n'kuwomba m'manja, achibale ena akuwayang'ana moipidwa.

Galimoto ya maliro itanyamuka, Siew Lan anakana kukwera basi ya abale. Anatsegula yekha chitseko cha galimoto yofiira n'kukhala pambali pa Razlan.

"Ndinalumbira kuti sindidzakweramonso," anatero akumanga lamba. "Ulendo womaliza anandisiya pamsika, iye n'kuthamangira kukaona galimoto ina imene anaimva ikudutsa. Anandikumbukira atafika kunyumba."

Anayenda bwinobwino mpaka kutuluka m'tauni. Koma liwiro la maliro ndi la kamba, ndipo galimoto imeneyi sinazolowere zimenezo. Atafika pamwamba pa kachitunda, injini inazima. Razlan anapotokola kiyi, koma batire linali litatheratu. Mdipiti wonse unaima, ndipo galimoto ya maliro inaima chapatsogolo. Pa zinthu zonse zimene Kam Seng anamuchitira, Razlan anapemphedwa kamodzi kokha.

Kenaka anaona pagalasi zitseko zikutseguka. Madala aja ankatsika m'galimoto zawo, Kumaresan ali patsogolo akulamula. Pakati pawo panali Pui Yee, m'zovala zake zoyera zamaliro, atapatsira msuweni wake chithunzi cha bambo ake kuti agwire.

"Giya yachiwiri, bwana," anakuwa Kumaresan. "Ndipo usachite zako zija za m'ngalande."

Anakankha. Galimoto inayamba kutsetsereka, Razlan anachotsa phazi pa kilachi, injini n'kuphulika ngati mfuti. Anadziwa kuti akangoponda buleki izimanso. Kutsogolo kunali galimoto ya maliro, mbali inayo msewu unali woyera. Anakhotetsa chiwongolero n'kuidutsa.

"Pepani alamu," anatero manyazi atamugwira. "Ndikaime patsogolopa tiwadikire."

"Musaime," anatero Siew Lan. Anatsitsa windo, mphepo ikumuuluza tsitsi la imvi. "Zaka zonsezi wotsogola anali iye, ine wotsala. Lero atsatire. Pondani."

Razlan anaponda. Injini inatseguka kukhosi, mawu ake n'kumveka m'mapiri a miyala a kumeneko, ndipo Siew Lan anagwira chitseko ndi manja onse awiri, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Pamenepo m'pamene misozi ya Razlan inatuluka, koyamba chilandirireni uthenga uja.

Anafika kumalo owotcherako mitembo anthu onse adakali kutali. Anakhala m'galimotomo injini ikulira, chifukwa Razlan ankaopa kuizimitsa.

Achibale ena a Kam Seng anadandaula kuti zimenezi sizinachitikepo, kuti wamasiye n'kupitirira bokosi la mwamuna wake. Siew Lan anawauza kuti akadandaule kwa mwini wakeyo. Galimotoyo sanaigulitse, ngakhale ofuna analipo ambiri. Pui Yee anapita nayo kwa Kumaresan kuti aikonze bwinobwino, ndipo zithunzi zojambulidwa ndi bambo ake, zimene zinadzaza makatoni chipinda chonse, anayamba kuzitumiza kwa eni ake mmodzimmodzi. Ambiri mwa iwo anali anthu amene sanapambanepo mpikisano ngakhale umodzi, ndipo ena ankaimba foni kuchokera kutali kufunsa ngati angabwere kudzamupepesa.