Zitumbuwa za Ofuntha

Ba Lonah anakazinga zitumbuwa m'mawa wonse, pothandiza amayi a ku Dambwa kusonkhetsa ndalama zomangira chipinda cha odwala maganizo pakiliniki. Mwana wa Ba Lonah, Mwiinga, anali atasiya kukatenga mankhwala ake a matenda a maganizo chifukwa pamzere anthu ankamuloza chala.

Pasiteshoni ya minibasi anapempha kondakitala Mapenzi kuti awaitanire ogula. Iye anakuwa, "Vitumbuwa va ofuntha, gulani!"

Anthu anabweza manja m'matumba, poganiza kuti okazingawo ndiwo amisala.

"Iwe Mapenzi, ndati za odwala maganizo."

"Ba mayo, iyo ni itali. Basi izayenda nikalibe kusiliza kukamba."

Ba Lonah anasenza beseni lawo lodzaza nayamba kuitana okha. Mayi wina sanagule, koma anafunsa monong'ona kuti chipindacho chidzatsegulidwa liti.

"Funsani beseni ili," anayankha Ba Lonah.