Kapu ya Kachingwe

Ana asukulu ankawatcha Mayi Chilungamo, poti mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Masana amenewo anali mu holo, akukonzekeretsa ana a kalasi yawo sewero la banja lolemera ndi wantchito wake.

"Wolemba akutifunsa chiyani apa?" anatero, akugogoda tebulo. "Akuti munthu amene amakuchapira, amakuphikira, umamuona ngati munthu? Ganizani, inu!"

Mtsikana amene ankasewera ngati wantchito anapisa m'katoni ya zipangizo n'kutulutsa kapu ya pulasitiki yofwifwa, yomangidwa kachingwe pa chigwiriro.

"Eee, koma Madamu mumatha! Mwaipeza kuti? Ndendende ya amayi anga kumene amagwira ntchito. Mpaka kachingwe, kuti isasakanikirane ndi za mabwana!"

Anzake anafa nacho chikhakhali. Mayi Chilungamo sanaseke. Kapuyo anaitola m'mawa ali pa liwiro, kukhitchini kwawo, pansi pa sinki pamene imakhala pamodzi ndi sopo. Kachingweko anamanga ndi manja awo zaka zisanu zapitazo.

"Nanga tsiku loti yasowa, amayi ako amamwera chiyani?" anafunsa.

"Samwa. Angayerekeze kugwira galasi?"

Manyazi anawagwira Mayi Chilungamo. Chala sichiloza mwini, ndithu. Chaka chonse akhala akudzudzula dona wa m'buku, kumutcha wouma mtima, ana n'kumalemba m'makope. Dzuwa la tsikulo linali loswa mtengo, ndipo wantchito wawo, mayi wa imvi, amamwa mapiritsi a mtima masana aliwonse.

Anawawerutsa anawo nthawi isanakwane.

Atafika kwawo, anawapeza mayiwo kuseri kwa nyumba, atawerama pa mpopi wothirira maluwa, akumwa madzi m'manja. Atamva mapazi anadzidzimuka n'kupukuta pakamwa.

"Pepani Madamu, kapu yanga sindikuiona. Ndafuna ponseponse. Sindinaitaye dala."

Mayi Chilungamo anathamangira m'nyumba, natenga galasi la alendo, lija la mkombero wagolide, n'kulidzaza madzi ozizira. Analipereka ndi manja awiri.

"Imwani, amayi. Kuyambira lero muzimwera lililonse."

Mayiwo analiyang'ana galasilo, kenako anawayang'ana iwo kumaso nthawi yaitali. Manja anawabisa kumbuyo.

"Ndalakwa chiyani, Madamu? Ngati mukundichotsa ntchito, ingondiuzani."